M'DIMBA MWATHU: ADYO WOBZALIDWA MOCHEDWA

Chisanu chafika, ndipo monga zimakhalira chaka ndi chaka makasu atuluka m'nyumba zambiri muno mu Livingstone. Mukayenda m'mamawa m'dera la Airport muona mabedi a repu, kabichi, tomato ndi anyezi atandandalika kuseri kwa nyumba, ana akutunga madzi othirira asanapite kusukulu. Pa mafunso amene alimi a kuseri kwa nyumbawa amafunsana mwezi wa Juni ukafika, tasankhapo limodzi loti tikambirane mwezi uno: kodi munthu angabzalebe adyo nthawi ino, kapena wachedwa?

Yankho lathu ndi lakuti wachedwa. Koma kuchedwa kuli ndi misinkhu yake. Wobzala sabata yoyamba ya Juni ndi wobzala kumapeto kwa Julayi onse ndi ochedwa, komatu zimene adzakolole n'zosiyana kutalitali, ndipo aliyense wa iwo ayenera kudziwiratu chimene akubzalira asanawononge mbewu, madzi ndi thukuta la banja lake.

Sitikunena kuti ochedwawo ndi aulesi ayi. Kwa ife dimba limayamba masika akatha. M'miyezi ya Malichi ndi Epulo mitima imakhala kumunda: wina ali ku Zimba kapena ku Kalomo kukathandiza abale kukolola chimanga, wina akudikira kuti udzu wa dzinja uume kuseri kwa nyumba, ndipo kandalama kamene kanalipo kanathera ku mayunifomu ndi makope a ana. Kuwonjezera apo, ndiwo zamasamba zimene tinazolowera n'zokhululuka. Repu mukamubzala mu Meyi mudya, mukamubzala mu Julayi mudyabe. Motero munthu amaganiza kuti mbewu zonse za nyengo yozizira zili ndi mtima umodzi, naika adyo pa mzere womwewo. Apa ndi pamene pagona vuto, pakuti adyo ali ndi kawerengedwe kakekake ka nthawi.

Tiyeni titenge mutu umodzi wa adyo tiusende pang'onopang'ono. Timakoko toyera topyapyala timene takuta mutuwo si china ayi koma mbali ya m'munsi ya masamba omwe aja anali obiriwira pamwamba pa nthaka. Tsamba lililonse limatsikira pansi ndi kukakhala chovala cha mutu. Timagawo timene timabenthula pophika, timenenso ndi mbewu yake, timaphuka pakati pa masamba a m'katikati, ndipo chakudya chonenepetsa timagawoto chimapangidwa ndi masamba a pamwamba aja padzuwa. Chotero moyo wa adyo uli ndi nthawi ziwiri: nthawi ya masamba ndi nthawi ya mutu. Nthawi ya mutu ikangoyamba, adyo amaleka kutulutsa masamba atsopano. Amene ali nawo tsikulo ndi omwewo, ndipo ndiwo adzadyetse mutu mpaka kukhwima. Adyo wa masamba 10 kapena 12 aakulu adzakupatsani mutu wodzaza dzanja; wa masamba 5 oonda adzakupatsani kamutu konga dzira la nkhunda. Makolo ponena kuti m'mera m'poyamba mwina ankaganiza za mapira kapena za mwana, koma mawuwo amuyenera adyo kuposa mbewu ina iliyonse ya m'dimba.

Nanga chimene chimamuuza adyo kuti aleke masamba ayambe mutu n'chiyani? Si kuchuluka kwa masiku amene wakhala m'nthaka, monga zimakhalira ndi chimanga chimene pa thumba la mbewu amalembapo kuti chimacha pa masiku akutiakuti. Adyo amamvera zinthu ziwiri motsatizana. Choyamba ndi kuzizira: ayenera kupyola masabata angapo ozizira kuti m'kati mwake muyambe kugawika timagawo. Chachiwiri ndi kutalika kwa usana pamodzi ndi kufunda kwa nthaka: dzuwa likayamba kuchedwa kulowa, nthaka n'kumafunda, adyo amadziwa kuti chilimwe chayandikira, ndipo chakudya chake chonse amachithamangitsira pansi. Belu limeneli limalira kamodzi kwa onse. Adyo wa mu Epulo ndi wa mu Julayi amalimva pafupifupi nthawi imodzi, wina ali wamkulu, wina akali khanda. Ndipo khanda limene silinaone kuzizira kokwanira silitha n'komwe kugawika. Limangotupa n'kukhala kamutu kamodzi kobulungira ngati anyezi wamng'ono. Za kamutu kameneka tibwererako, pakuti si kotaya.

Tsono tiyang'ane kumene tikukhala. Bwalo la ndege limene linapatsa dera lathu dzina, ndipo kuyambira mu 2011 limatchedwa Harry Mwaanga Nkumbula, lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo pabwalo pomwepo amayezerapo nyengo tsiku ndi tsiku. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira kufika madigiri 6 kapena 7, masiku ena kutsikirapo mpaka masamba a tomato kupsa ndi chisanu m'malo otsika. Kuzizira kumeneku n'kokwanira kwa mitundu ya adyo yozolowera maiko otentha, koma n'kwa kanthawi: miyezi iwiri kapena itatu basi. Usana waufupi koposa umagwa cha pa 21 Juni, maola pafupifupi 11. Kuchokera pamenepo umayamba kutalika mpaka maola 13 mu Disembala. Ogasiti amabwera ndi mphepo yake youma, Sepitembala amafika kutatentha kale, ndipo mu Okutobala masana kumafika madigiri 34 kapena kupitirira. Mvula yoyamba timaiyembekezera mu Novembala.

Werengani nokha. Adyo wobzalidwa pa 1 Epulo ali ndi masiku oposa 120 otulutsa masamba Ogasiti asanafike. Wa pa 15 Juni ali ndi masiku osakwana 50. Pamenepo muchotsepo sabata imodzi kapena ziwiri zodikira kuti amere, ndipo mukumbukire kuti masiku otsalawo ndi ozizira koposa, pamene mbewu iliyonse imakula mozengereza. Wa pakati pa Julayi amangotulutsa mphuno kunja belu n'kulira. Ndicho chifukwa chake alimi a adyo a chigawo chino cha Africa, ku Zimbabwe ndi ku South Africa komwe, amabzala pakati pa Febuluwale ndi Meyi, ambiri mu Malichi ndi Epulo, nakolola kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Kwa ife amene timatsata kalendala ya Mpingo kukumbukira n'kosavuta. Pasaka imagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, ndipo masabata ozungulira Pasaka ndiyo nthawi ya adyo. Pentekoste imagwa pakati pa 10 Meyi ndi 13 Juni; ikapita mbewu ikali m'lichero, chaka chimenecho mwalowa m'gulu la ochedwa.

Pali chisokonezo china chimene chabwera ndi mafoni. Achinyamata athu amationetsa zithunzi za alimi a kunja akulangiza kuti adyo amabzalidwa mu Okutobala, ndipo ena mwa ife amalimba mtima nati ndiye kuti nthawi ikalipo yambiri. Alimiwo sakunama. Ku Ulaya, ku America ndi ku China amabzaladi nthawi imeneyo. Ngakhale ku Ejipito, dziko lotentha limene adyo wake Aisraele ankamulakalaka m'chipululu monga timawerengera m'buku la Numeri mutu 11, amabzala mu Sepitembala ndi Okutobala nakolola cha mu Malichi ndi Epulo. Koma maiko onsewo ali kumpoto kwa dziko lapansi, kumene nyengo zimayenda mosemphana ndi zathu. Okutobala wawo ndi khomo lolowera m'chisanu, ndiye kuti ndi Epulo wathu. Malangizo aliwonse ochokera kumeneko muziwasuntha ndi miyezi 6. Wokwirira adyo mumchenga wa Livingstone mu Okutobala akumuphika, sakumubzala.

Mwina wina anganene kuti palibe kanthu, tingoyesa. Kuyesa n'kwabwino, koma tiyeni tione mtengo wake. Adyo sabzalidwa ndi njere za m'kapepala ngati repu. Mbewu yake ndi chakudya chomwecho chimene timagula modula pamsika. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 5 m'litali, mutalemba mizere 5 yotalikirana masentimita 20, ndipo m'mzere uliwonse mukuponya kagawo pa masentimita 10 aliwonse, limadya timagawo 250. Ngati mutu umodzi ukupatsani timagawo 10 toyenera kubzala, ndiye kuti mwakwirira mitu 25. Kafunseni mtengo wa mitu 25 pa msika wa Maramba, muona kuti ndi ndalama ya ndiwo za masiku angapo. Madzi nawonso ali ndi mtengo. Zambezi ali pafupi, mkokomo wa mathithi timaumva usiku kukakhala bata, koma madzi a pampopi ndi ogula. Nyengo yozizira adyo amafuna pafupifupi mamilimita 25 pa sabata, ndiko kuti malita 125 pa bedi limeneli, zigubu 6 za malita 20 ndi kapang'ono pamwamba. Mu Sepitembala ndi Okutobala muyenera kuwirikiza. Wobzala mu Epulo miyezi yotenthayo imamupeza akumaliza kapena atakolola kale. Wochedwa imamupeza ali pakati pa ntchito, mita ya madzi ikuzungulira, ndipo mapeto ake angathe kuzula mitu yaing'ono kuposa imene anakwirira.

Nthaka yathu nayonso ilibe chifundo kwa wochedwa. Pamene azungu anachoka ku Old Drift, m'mphepete mwa Zambezi, pothawa malungo, nakhazikitsa mzinda uno mu 1905, anasankha chitunda cha mchenga. Anasankhira thanzi lawo, sanasankhire madimba athu. Mchenga wa Kalahari umene tikukhalapowu uli ndi ubwino wake: ndi wofewa, mutu wa adyo umatupa mosapanikizika ndipo umazuka woyera. Koma susunga madzi, susunga chakudya cha mbewu, ndipo dzuwa la chilimwe limautenthetsa mpaka mwana kulephera kupondapo wopanda nsapato. Mizu ya adyo ndi yosazama. Imakhala m'mchenga wa pamwamba womwewo umene umayamba kuuma ndi kutentha. Nthaka ikatentha kwambiri adyo amathamangira kukhwima, kaya wakula kaya sanakule.

Munthu akaona kuti wachedwa amafunafuna njira yachidule, ndipo yoyamba kubwera m'mutu ndi feteleza. Compound D pobzala, ndi urea pang'ono patapita masabata 3 kapena 4 adyo atamera, n'zothandiza ndithu. Koma urea wothiridwa mutu utayamba kale sabwezera masamba amene sanatuluke. Amangonenepetsa khosi, timagawo n'kuyamba kuphukira m'nthaka momwemo, mutu n'kukhala wosamangika ndi wosachedwa kuola.

Njira ina imene yatchuka ndi ya furiji, ndipo iyi tiikambe mofatsa chifukwa m'kati mwake muli choonadi. Ku Brazil, m'zigawo za Goiás ndi Minas Gerais, kumadera monga Cristalina ndi São Gotardo, kumene kutalika kwa usana n'kofanana kwambiri ndi kwa kuno, alimi amalima adyo wa mitu ikuluikulu amene mwachibadwa amafuna chisanu choposa chimene dziko lawolo lili nacho. Amatero poika mbewu m'zipinda zozizira madigiri 3 mpaka 5 kwa masiku 45 mpaka 60 asanabzale, kotero kuti adyo amalowa m'nthaka ataona kale chisanu chake. Nzeru imeneyi yasandutsa madera amenewo kukhala nkhokwe ya adyo ya dziko lawo. Koma taonani chinthu chimodzi: alimi amenewo amabzalabe mu Malichi, Epulo ndi Meyi. Furiji imalowa m'malo mwa chisanu, koma singalowe m'malo mwa miyezi ya masamba. Ndipotu adyo wozizidwa amafulumira kuyamba mutu, chotero wochedwa akaziziritsa mbewu yake akufupikitsa nthawi imene yafupika kale. Amene ali ndi mbewu m'manja mwezi uno wa Juni asataye masabata 6 akudikira furiji pamene usiku kunja kukuzizira kwaulere. Nthawi ya furiji ndi Febuluwale, kwa amene akufuna kuyesa pa gawo la mbewu yake: mitu yathunthu m'thumba la pepala, m'munsi mosungira ndiwo zamasamba, osati moumitsira madzi. Ndipo onse okumbukira chaka cha 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi a ku Kariba magetsi n'kumazima maola 20 kapena kuposerapo pa tsiku, akudziwa kuti furiji si yoikapo mtima wonse.

Wochedwa amagwanso m'mbuna ina. Pofika Juni adyo wolimidwa kuno amakhala atasowa, pakuti anakololedwa chaka chatha ndipo wambiri anadyedwa, ndiye munthu amathamangira woyera mbee uja wa m'timaneti wa m'masitolo akuluakulu. Dziko la China limalima pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a adyo yense wa padziko lapansi, ndipo wambiri wa m'timanetiyo amachokera kumeneko. Kumphika alibe vuto. Kudimba ndi mlendo. Popeza adyo amachulukana ndi timagawo osati njere, kagawo kalikonse ndi chifaniziro chenicheni cha make: kamabwera ndi chizolowezi cha dziko la kwawo, la chisanu choopsa ndi usana wautali, ndipo kangabwerenso ndi matenda a m'munda wa kwawo. Wina amakhala atasungidwa miyezi yambiri mozizira, wina atathiridwa mankhwala oletsa kumera. Pali matenda ena oola koyera a adyo ndi anyezi amene akalowa m'nthaka angakhalemo zaka 20. Limenelo si tsoka loti munthu aziitanira yekha pa kapoloti kamodzi kamene ali nako. Ife tikuti n'kwabwino kubzala adyo wamng'ono wa timakoko tofiirira wochokera kwa mnansi, kapena kwa mayi wa pamsika amene angakuuzeni munda umene anachokera, kusiyana ndi wamkulu wosadziwika kwawo. Mitundu yotchedwa Egyptian White ndi Egyptian Pink, imene imalimidwa kwambiri ku South Africa, ndi ya khosi lofewa ndipo safuna chisanu chochuluka. Mbewu iliyonse imene mwapeza, dulani kagawo kamodzi m'litali: ngati kamphukira ka m'kati kakwera kupyola theka la kagawoko, mbewuyo yadzuka ndipo imera msanga. Ngati kamphukirako n'kosaoneka, mbewuyo ikali m'tulo, ndipo wochedwa alibe masiku oidikira.

Nanga tsono amene wachedwa achite chiyani? Ngati magazini ino yakupezani Juni asanafike pakati, bzalani lero, koma chepetsani bedi ndi theka, kuti madzi ndi manyowa amene muli nawo akwanire bwino. Benthulani mitu tsiku lobzala lomwelo, osasenda timakoko, ndipo musankhe timagawo takunja tikulutikulu tokhatokha, pakuti kagawo kakakulu kali ndi kamba wokwanira kutulutsa masamba oyamba mwamphamvu, ndipo masamba oyambawo ndiwo chuma chonse cha wochedwa. Kansonga kayang'ane kumwamba. Mumchenga wathu kwirirani masentimita 5. Manyowa akhale oola bwino, osati a nkhuku a dzulo, ndipo pasakhale pamalo pamene munazulapo anyezi chaka chatha. Wobzala pa nthawi yake amafuna dzuwa la tsiku lonse, koma wochedwa apindula ndi malo amene amaona dzuwa la m'mawa n'kulowa mumthunzi wa khoma kapena wa mtengo wa mango chakumadzulo, chifukwa mdani wake wamkulu ndi kutentha kwa mu Sepitembala. Phimbirani bedi ndi udzu wouma wochindikala ngati chikhatho, kuti mchenga ukhale wozizira ndi wachinyezi, ndipo muziuvundukula kawirikawiri poyang'ana chiswe. Thirirani pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Kukayamba kufunda muyang'anitsitse pakati pa masamba: mukaona timizere totuwa tonyezimira, ndiye kuti mwalowa tizilombo ting'onoting'ono toyamwa masamba totchedwa thrips, timene timachuluka nyengo yotentha ndi youma. Kuwaza madzi pamasamba m'mamawa kumatichepetsa, ndipo madzi a sopo wochepa amathandiza tikangoyamba kumene. Mukatero mudzapeza mitu, yaing'ono koma yogawika, yokwanira kukhitchini.

Ngati Julayi walowa, sinthani cholinga. Musabzalirenso mitu yogulitsa. Tengani timagawo ting'onoting'ono ta m'katikati, timene wobzala pa nthawi yake amataya kumphika, mutibzale mothithikana, masentimita 5 okha, pa kabedi kakang'ono pafupi ndi khomo la khitchini. Pakatha masabata 4 mpaka 6 mudzayamba kudula masamba ake monga timachitira ndi anyezi wa masamba. Anthu ambiri kuno sadziwa kuti masamba a adyo amadyedwa, chonsecho m'nyemba, mu kapenta kapena m'mazira amakoma, fungo lake n'lofatsa kuposa la mutu, ndipo ngakhale agogo amene amadana ndi adyo sadandaula. Mzere umodzi kapena iwiri muisiye osadula, ikhale ya timitu tobulungira tija.

Ogasiti akafika adyo amene muli naye ndi wa mumphika basi. Bedilo lipatseni therere, bondwe, nyemba kapena chibwabwa, mbewu zimene zimakondwera ndi kutentha.

Tibwerere tsono ku kamutu kobulungira, chifukwa ambiri akakazula amakhumudwa, nati mbewu inali yabodza, n'kukataya kudzala. Kamutu kameneka ndi adyo weniweni. Kamakoma chimodzimodzi, n'kosavuta kusenda, ndipo ku Yunnan, kummwera kwa China, alimi amakalima dala n'kumagulitsa kunja monga adyo wapadera. Koma phindu lake lalikulu kwa ife n'lakuti ndi mbewu yabwino zedi. Chakudya chonse chimene chikanagawidwa kwa timagawo tambiri chili mwa kamodzi. Mukakabzala pa nthawi yake chaka chamawa kamamera mwamphamvu ndipo kawirikawiri kamabereka mutu waukulu wogawika bwino. Kuwonjezera apo, kakhala kale chaka chimodzi mumchenga wanu. Chotero wobzala mu Julayi, akadziwa chimene akuchita, chaka chino sakolola ndiwo koma mbewu, ndipo Malichi akubwerayu sadzapita kumsika kukafunsa mtengo wa mitu 25.

Pokolola musadikire kuti masamba onse aume. Masamba a m'munsi akauma kufika gawo limodzi mwa magawo atatu kapena theka, fukulani mutu umodzi muone. Ngati wadzaza, lekani kuthirira kwa sabata imodzi, kenaka muzule ndi khasu kapena foloko, osati kukoka ndi manja. Kumbukirani kuti tsamba lililonse lobiriwira lotsala ndi chovala chimodzi cha mutu, ndipo mutu wopanda zovala susungika. Kwa wochedwa pali lamulo lina loposa zonsezi: adyo achoke m'nthaka mvula yoyamba isanagwe, ngakhale akuoneka kuti akanakulabe. Mvula ya mu Novembala ikagwera adyo wokhwima pa nthaka yotentha, timakoko timang'ambika, timagawo timayamba kumera kapena kuola, ndipo ntchito ya miyezi yonseyo imatha m'masiku ochepa. Mukazula musayanike padzuwa kapena pamalata, pakuti dzuwa la Okutobala limawaula adyo n'kumufewetsa. Muyanike pamthunzi podutsa mphepo, masamba ndi mizu zili pomwepo, kwa masabata awiri kapena atatu, mpaka khosi litauma gwa. Pamenepo mulukane masambawo ngati tsitsi.

Chatsala ndi chovuta koposa, ndipo n'chimene chimabala kuchedwa kwa chaka ndi chaka: kusunga mbewu kuchokera mu Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, miyezi 5 kapena 6, yotentha poyamba ndi yachinyezi pambuyo pake. Adyo wouma bwino amapirira kutentha kwa m'nyumba. Chimene sapirira ndi chinyezi ndi kusowa mpweya. Thumba la pulasitiki limamuoletsa, ndipo furiji imamudzutsa kuti amere nthawi isanakwane. Mpachikeni pansi pa denga podutsa mphepo, kutali ndi podontha, ndipo pa masabata awiri aliwonse muzimugwiragwira n'kuchotsa mutu uliwonse wofewa usanapatsire inzake. Mdani wina wa mbewu samera m'nthaka ayi. Amakhala m'nyumba momwemo, ndipo amabwera madzulo a Khirisimasi nkhuku ili pamoto adyo wa kukhitchini atatha. N'chifukwa chake mbewu iyenera kupatulidwa tsiku lokolola lomwelo, mitu yaikulu ndi yolimba koposa, isanapite ina kumsika kapena kwa alamu, ndipo banja lonse liuzidwe, bambo, mayi ndi ana, kuti chingwe ichi si chodya. Pa bedi lija la timagawo 250 mangani mitu 30 osati 25, pakuti ina idzafota Malichi asanafike, ndipo muipachike pamene wophika sangafikire popanda kukwera pampando.